Za Injini Yakufa Imene Tinaivuula pa Mwaya

1. DZINA NDI CHOLINGA: GLADWELL YESAYA THOLE

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye, ndikupereka moni kwa inu nonse, kuyambira abusa, akulu a mpingo, amayi, kufikira achinyamata. Monga mwa mutu uli pamwambawu, ine mwini dzina lalembedwali, wokhala paphiri la kumtunda kwa boma la Nkhata Bay, ndalemba kalatayi pofuna kuchitira umboni za mavuto amene anagwa pakhomo panga chaka chathachi. Injini ya galimoto yanga inafa, ndipo chifukwa cha imfa imeneyo mkazi wanga, NyaLongwe, anachotsedwa m'nyumba mwanga. Ndalemba m'Chichewa osati m'Chitonga kuti abale ochokera m'maboma ena, amene akugwira ntchito pa boma pano, amve nawo. Ndikupempha wowerenga kuti asadumphe ndime zowawa, ngakhale kuti ndizo zochuluka.

2. ZA GALIMOTO NDI ZA MATENDA

Galimoto imene ndikunenayi ambiri mwa inu mukuidziwa, popeza inanyamulapo maliro a abale anu kukwera nawo kumanda a kumapiri. Ndi pikapu yakale ya dizilo, yokoka ndi matayala onse anayi, imene malemu achimwene anga anabwera nayo kuchokera ku Joni ine ndisanamere imvi. Nditapuma ntchito ya umesenjala, galimotoyi ndiyo inakhala khasu langa. Ndinkanyamula matabwa, chinangwa ndi nthochi kuchokera kumene minibasi sifika.

NyaLongwe anagwa tsiku lina akuyanika chinangwa pathandala. Madokotala anati ndi matenda opha ziwalo. Mbali yawo ya kumanja inafa, ndipo mawu awo amatuluka amodziamodzi, movutikira. Analamulidwa kumapita kuchipatala cha boma pafupipafupi, kukalimbitsa ziwalo ndi kukalandira mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Tsono msewu wa kwathu ndi wa dothi lofiira, wokwera molunjika, wodzaza ndi ngalande zokumbidwa ndi madzi. Matakisi amathera pansi pa phiri ngakhale m'chilimwe. Njinga yamoto imakwera, koma munthu wakufa mbali imodzi sangakhale panjinga. Galimoto yokhayo imene inkafika pakhomo pathu inali yangayi. Kuyambira pamenepo inasanduka miyendo ya NyaLongwe.

3. IMFA YA INJINI

M'nyengo ya mwera, tikubwerera kuchipatala, injini inagunda ngati munthu wamenya mgolo ndi hamala, kenaka inangoti zii. Oyilo anayenderera pamsewu. Tinaikoka galimotoyo mpaka pansi pa mtengo wa mango pamene amagwirira ntchito a Mphande, amakaniko amene akhala akuisamala galimotoyi kuyambira kale. Iwo atasuzumira anapukuta manja nati, "Ada Thole, apa si pa matenda, ndi pa maliro. Chitsulo cham'kati chathyoka n'kuboola nthiti ya injini. Itanani abale."

Anandiuza kuti injini za mtundu umenewo zinasiya kupezeka, koma kuti injini ya minibasi ya dizilo, yopangidwa ndi kampani yomweyo, ili nayo pachibale ndipo imalumikizika ndi giyabokosi popanda vuto. Za mtengo wake sindilemba, chifukwa si nkhani ya umboni uno. Ndingonena kuti munda wanga wa nthochi wa kudambo si wanganso.

Pamene tinali kudikira kuti injiniyo ipezeke ku Mzuzu, a Mphande anapachika tcheni buloko, makina aja a unyolo okwezera zolemera, panthambi ya mango n'kuzula injini yakufayo. Apa ndifotokoze mwambo wathu kwa abale ochokera kutali ndi nyanja. Kuno injini yakufa siponyedwa kudzala. Imapita kunyanja kukakhala nangula. Eni maboti amaimanga chingwe n'kuimiza, kunsonga kwa chingwecho n'kumangako chigubu choyandama, ndipo boti limagona pamenepo osakokedwa ndi mafunde. Munthu akakupempha injini yakufa, sumukaniza. Mudzi wonse ungakudabwe. Motero a Kamanga, mwini boti wa pa doko la Mwaya, atabwera kudzaipempha, ndinavomera pomwepo. A Mphande anachotsako zonse zimene anaona kuti zili ndi ntchito, monga pampu ya dizilo ndi sitata. Koma sampu, ndiko kunena beseni lachitsulo la pansi pa injini m'mene mumakhala oyilo, tinaisiya ili painjini pomwepo titangokhuthula oyiloyo. Palibe aliyense wa ife amene anaiwerengera, popeza injini iliyonse imabwera ndi sampu yake. Anthu a Kamanga anaikweza injiniyo pa ngolo n'kutsika nayo, ndipo ine ndinasangalala kuti chitsulo cha achimwene anga chapeza ntchito ina.

4. ZA MPANDO NDI MAWU A ALAMU ANGA

Masiku a kuchipatala sanadikire galimoto. Tinamangirira mpando wathabwa pa nsungwi ziwiri, ndipo abambo a mpingo ankasinthana kubwera kudzanyamula NyaLongwe kutsika nawo phiri kukafika pamene takisi imaima. Ndikuwathokoza abambowa, ndipo iwo akudzidziwa. Koma NyaLongwe ankadziphimba kumaso ndi chitenje ulendo wonse, chifukwa anthu okumana nafe m'njira ankapatuka n'kuvula zipewa, poyesa kuti tanyamula maliro.

Tsiku lina mmodzi wa onyamula anaterereka pamiyala. Mpando unapendekera mbali yakufa ija, kumene kulibe dzanja lotchinjiriza, ndipo NyaLongwe anatemeka pachipumi. Bala silinali lalikulu, koma mbiri yake inafika ku Chintheche kwa mlongo wawo, a Dunstan Longwe, mphunzitsi wopuma. Iwo anabwera, nakhala pakhonde panga, nalankhula modekha.

"Alamu, sindinabwere kudzakangana. Mlongo wanga mwamusunga bwino, ndipo kwathu kulibe angakunyozeni. Koma mvula ikagwa paphiri ili, mudzamutsitsa bwanji? Lero ndi chipumi, mawa ndi msana. Galimoto ikadzakhala isanadzuke mvula ikamayamba, tidzabwera kudzamutenga. Kwathu msewu wa tala uli pakhomo, chipatala chili pafupi."

Mawu awo onse anali oona. Mwa chikhalidwe chathu, mkazi akadwala nthawi yaitali, abale ake ali ndi mphamvu yomutenga kukamudwazika kwawo, ndipo inu nonse mukudziwa kuti ambiri otengedwa chotero amabwerera m'bokosi. Mwina wina afunsa chifukwa chake sindinaganize zongosamukira komweko. Nyumba ya alamu ndi yodzaza ndi zidzukulu, ndipo mwamuna wa msinkhu wanga sangakakhale pakhonde la alamu ake kudikira kupatsidwa mbale. NyaLongwe anamva zonse ali m'chipinda. Alamu atapita, NyaLongwe anandiitana nati, "A Thole, galimoto."

5. INJINI YATSOPANO IKANA KUKHALA

Injini ya minibasi inafika dzuwa litayamba kuwawa, mitambo itayamba kusonkhana kutsidya kwa nyanja. Tsiku loitsitsira m'galimoto ndinavala malaya a kutchalitchi. A Mphande ankamasula unyolo pang'onopang'ono, ine ndikuwongolera ndi manja. Injini inatsika bwino, koma itatsala pang'ono kufika pamipando yake inaima, n'kupendekeka. Tinaikweza, tinaitembenuza, tinaitsitsanso. Inaimanso pomwepo. A Mphande analowa pansi pa galimoto kukaona chimene chikuikaniza.

Vuto linali ili. Sampu ya minibasi ili ndi mimba yake kutsogolo. Galimoto yokoka ndi matayala anayi ili ndi difu kutsogolo komweko, chitsulo chonga chigaza chimene chimazunguza matayala akutsogolo. Zinthu ziwirizi zinkafuna malo amodzi. Chimene chinkafunika ndi sampu yakale ija, ya mimba kumbuyo, pamodzi ndi paipi yake yokokera oyilo. A Mphande anatuluka ali fumbi lokhalokha nati, "Ada, chimene chikufunika pano tinachiponya m'madzi ndi manja athu."

Ndinatsika kupita pa Mwaya nthawi yomweyo, ndili ndi chiyembekezo kuti tingokoka chingwe. A Kamanga ndinawapeza akumata boti lawo phula, ndipo atamva chimene ndadzera anapukusa mutu.

"Chitsulo chanu chija? Mwachedwa, ada. Mwera womaliza uja unakoka boti pamodzi ndi nangula yemwe, kenaka chitsulocho chinadya chingwe. Botili tinakaligwira litatsala pang'ono kusweka pamiyala, si ili ndikulimatali. Tinafunafuna ndi mbedza mpaka manja anatupa. Nyanja ya kuno mukuidziwa; ukangochoka pamchenga pang'ono, pansi pamatsetsereka ngati phiri lanulo. Chinapita."

Ndinakwera minibasi kupita ku Mzuzu kangapo, kuyenda m'malo onse ophwasulira magalimoto. Kulikonse ankandiuza kuti magalimoto a zaka zimenezo anatha kuphwasulidwa kalekale. A Mphande anaimbira anzawo ku Lilongwe ndi ku Karonga, koma yankho linali lomwelo. Potsiriza anadula sampu ya minibasi ija, naitembenuza, napita nayo kwa owotcherera. Injini inakhala pamalo pake, ndipo italizidwa ndinagwada pansi. Koma nyale yofiira ya oyilo sinazime, chifukwa paipi sinkafika pansi pa mimba yatsopanoyo, ndipo oyilo anali kudontha m'mizere yowotchererayo. A Mphande anathimitsa msanga. Anayesanso kachiwiri, koma chitsulo chinali chitapyapyala ndi moto, ndipo chinang'aluka.

"Ndikapitiriza ndipha injini iyinso," iwo anatero, "ndipo munda wina mulibe."

6. TSIKU LIMENE ANATENGEDWA

Mvula inayamba. Alamu anasunga mawu awo, ndipo anabwera ndi galimoto yahayala imene inadikira pansi pa phiri. Ine mwini ndinalongedza zovala za NyaLongwe, mankhwala awo ndi buku lawo la nyimbo m'chikwama. Pamene tinali kuwatulutsa pampando uja, anagwira mphuthu ya chitseko ndi dzanja lawo lamoyo. Onyamula anaima. Alamu anayang'ana pansi. Panalibe wina woyenera kuchita chimene chinatsala, choncho ine ndi amene ndinamasula zala zawo, chimodzichimodzi. Sanalire. Anangondiyang'ana.

Za masabata otsatirawo ndilemba mwachidule, ngakhale kuti sanali achidule. Ndinkaphika chakudya cha anthu awiri mwa chizolowezi, n'kuzindikira nditapakula kale. Kutchalitchi ndinkabwera ndithu, ndipo ena mwa inu munandiona, koma nyimbo sindinkaimba. Ine amene ndinkapemphera pa misonkhano ya abambo mpaka ena kutsokomola, pemphero langa linachepa n'kutsala mawu awiri: Ambuye, mwaona. Sindinkapempha galimoto, kapena sampu, kapena kuti NyaLongwe abwerere, chifukwa sindinkaonanso njira imene zimenezi zingadzere. Ndinkangowauza Ambuye kuti aona.

Ndinapita ku Chintheche kukaona NyaLongwe. Ndinawapeza osambitsidwa bwino, ogona pamatiresi abwino, koma ataonda. Akazi a alamu anandiuza kuti chakudya akungolawa. Nditalowa m'chipinda anatembenukira kukhoma, ndipo ndinakhala pambali pawo mpaka nthawi ya minibasi osamva liwu lawo. Pobwerera ndinadutsira pa mango paja. A Mphande anali atakankhira galimoto yanga pambali kuti apeze malo a ntchito zina, ndipo sindikuwadandaula, popeza nawonso ali ndi ana. Nkhuku ya mnansi wawo inali itaikira mazira pampando wa dalaivala. Pomwepo panali munthu wina wa ku Mzuzu wogula magalimoto akufa kuti akaphwasule. Anandifunsa za matayala, difu ndi injini ya minibasi ija. Ndinamuuza kuti abwere sabata yotsatira adzatenge zonse. Ndikulemba izi kuti pasapezeke wonena kuti Thole anapulumuka chifukwa cholimba mtima. Ndinali nditasiya.

7. MLANDU WA UKONDE

Sabata imeneyo isanathe, m'mawa wina ndikusesa pabwalo, ndinaona munthu akukwera phiri lathu mwaukali, atanyamula ukonde paphewa. Anali a Ngwira, msodzi wa pa Mwaya amene kale ankagwira ntchito yomira pansi pa nyanja kugwira tinsomba tamawangamawanga totumiza kunja. Si wa mpingo wathu kapena wa mpingo wina uliwonse, ndipo ine ndi iwo tinkangopatsana moni wa pamsewu. Atafika anaponya ukondewo pakhonde. Unali utang'ambika chibowo choti ng'ombe ingadutsepo.

"Ada Thole, galimoto yanu mumayendetsa kumtunda. Nanga pansi pa nyanja ikufunako chiyani?"

Ndinawafunsa chimene akutanthauza.

"Musandifunse ngati simukudziwa. Ndinatchera dzulo kuseri kwa miyala ya kumpoto. Lero pokoka, ukonde wakana. Ndamira kuti ndikaone, ndapeza chiinjini chakhala pamwala ngati chikudikira minibasi, ukonde wanga chitafunda. Kamanga akuti si chake, akuti mwini ndinu. Ndiye ndabwera kwa mwini. Ukonde uwu ndi wa chaka chino, ada."

Abale anga, a Kamanga anafunafuna kumene pansi pamatsetsereka, poganiza kuti chitsulo chinagubuduka kupita kwakuya. Koma boti linachikokera cha kumpoto, ndipo chinakakodwa pashelefu ya mwala, pamalo pamene munthu wodziwa kumira angafike. Chikanadutsa pamenepo pang'ono, kalata ino sikanalembedwa.

Tsache linagwa m'manja mwanga. Ndinagwira dzanja la a Ngwira ndi manja anga onse awiri, ndipo mawu amene anatuluka anali a Chitonga okhaokha, yewu, yewu, ada. Iwo anabwerera m'mbuyo.

"Ine ndabwera ndi mlandu, inu mukundithokoza? Kodi kukhala nokha kwakusokonezani mutu?"

Ndinawakhazika pansi n'kuwafotokozera zonse, kuyambira sampu mpaka Chintheche. Anamvetsera akutokosa m'mano ndi kachitsotso. Nditamaliza anati, "Ndiye mukuti mayi aja anapita chifukwa cha beseni?" Ndinati inde. Kenaka anati, "Chabwino. Koma ukonde musoka ndinu. Ine za ulere sindichita, ndingazolowere." Ndinavomera, popeza kusoka ukonde ndinaphunzira ndili mwana ngati wina aliyense wobadwira kuno, ndipo ndinausoka ndithu, pakhonde lomwelo, mpaka unatha.

8. KUVUULA

Tinasankha m'mawa umene nyanja inagona. A Kamanga anabwereka boti lachiwiri, ndipo tinagoneka mtengo wa bulugamu pakati pa maboti awiriwo n'kuumanga zolimba. A Mphande, amene amaopa madzi kwambiri, anapachika tcheni buloko yawo pamtengowo atakhala pansi, dzanja limodzi litagwira thabwa la boti. A Ngwira anawaseka nati, "Amakaniko, musaope, mukagwa ndikakutolani pamodzi ndi injini."

Anamira atanyamula nsonga ya chingwe. Anatuluka, napuma, namiranso. Anachita zimenezi kangapo, chifukwa chingwe chinkayenera kudutsa m'mabowo a injini kuti chisapulumuke. Nthawi iliyonse akamira ndinkaona mapazi awo akuchepa m'madzi obiriwira mpaka kusowa, ndipo ndinkadzifunsa ngati kuli koyenera kuti munthu wa ana ake aike moyo pachiswe chifukwa cha beseni langa. Ulendo womaliza anatuluka magazi akudontha m'mphuno, nati, "Kokani."

Unyolo unalira, maboti onse awiri anapendekera m'kati, ndipo madzi anayamba kulowa m'boti la a Kamanga. Ena ankakapa madzi, ena ankakoka. Injini inatulukira ili ndi ndere ndi tinkhono, ndipo nkhanu inatuluka m'bowo lija la panthiti n'kudziponya m'madzi. Sitinaikweze m'boti, tinapalasa nayo ili lende pakati mpaka pamchenga. Pomwepo a Mphande anaigubuduza n'kuyamba kumasula mabawuti. Anali ndi dzimbiri, ndipo ena anaduka. Sampu itachoka anaitsuka ndi mchenga, naidzaza ndi parafini, naiika pamwala kuti tione ngati idontha. Tinaizungulira tonse, asodzi ndi amayi ogula usipa omwe. Inali yophwanyika pang'ono pakona pamene inagunda mwala, koma pansi pake panakhala pouma. M'kati munali mukadali mwakuda ndi oyilo wakale amene anamatirira, ndipo ndi iyeyo amene anaiteteza ku dzimbiri. Paipi nayo inali yamoyo, sefa yake yokha ndiyo inadzaza matope.

Chotsala cha injiniyo tinachibwezera kwa a Kamanga. Ulendo uno anachimanga ndi unyolo.

Munthu wa ku Mzuzu uja atabwera, anapeza injini ya minibasi ili m'malere pansi pa mango, a Mphande akumanga sampu yakale kumimba kwake. Ndinamupepesa chifukwa cha ulendo wake. Injini itatsitsidwa inadutsa difu, n'kukhala pamipando yake ngati inabadwira pomwepo. A Mphande anapotokola kiyi. Utsi woyera unadzaza pansi pa mtengo, nyale yofiira inayaka, kenaka inazima. Anaisiya ikulira mpaka inatentha, iwo atagona pansi kuyang'anira dontho. Dontho silinagwe.

9. ULENDO WA KU CHINTHECHE

Galimoto ndinaiyesa masiku angapo paphiri lathu ndi katundu wa matabwa ndisanapite, chifukwa sindinafune kukalonjeza chinthu chosayesedwa. Kenaka ndinanyamuka. Alamu anatuluka atamva kulira kwa galimoto. Anaizungulira, nagwada ndi mawondo awo okalambawo kusuzumira pansi, nandifunsa mafunso ambiri monga mphunzitsi. Ndinawayankha onse. Potsiriza anati, "Alamu, ine ndinanena za galimoto, ndipo galimoto ndi iyi. Koma mwini wake wa nkhaniyi ali m'nyumbamo. Anene yekha."

Tinalowa. Alamu anawafunsa mlongo wawo ngati akufuna kutsala kapena kupita. NyaLongwe analoza ndi dzanja lamoyo kuseri kwa chitseko, kumene kunali chikwama chija. Akazi a alamu anaseka misozi ili m'maso nati, "Chiyambire kubwera akana kuti tichimasule. Tikachapa chovala, akuti tibwezere momwemo."

Mvula inatipeza tikulowa m'boma, ndipo pofika pansi pa phiri lathu dothi lofiira linali litasanduka phala. Magalimoto akale ngati yangayi sakoka ndi matayala anayi pokhapokha munthu atatsika n'kupotokola tizitsulo ta pakati pa matayala akutsogolo, kamodzi mbali iyi, kena mbali inayo. Zaka zonse za ukwati wathu, tikafika pamenepa, ine ndinkatsika kukhoma tayala la mbali yanga, NyaLongwe n'kutsika kukhoma la mbali yawo, ngakhale atavala za kutchalitchi. Tsikulo ndinatsika ndekha m'mvulamo. Ndinakhoma langa, ndipo mosaganiza ndinabwerera n'kukhala pampando. Ndisanagwire giya, dzanja lamoyo la NyaLongwe linagwira mkono wanga.

"A Thole," anatero pang'onopang'ono, "la kwanga. Mwaiwala."

Ndinatsikanso n'kuzungulira kukakhoma la mbali yawo, iwo akundiyang'anira pawindo kuti aone ngati ndapotokola mpaka kumapeto. Kenaka tinakwera phiri pa giya yaing'ono, matope akuuluka mbali zonse, ndipo sitinaime mpaka pakhomo.

10. KUTHOKOZA NDI PEMPHO

Sindikufuna kuti umboni uno ukhale wokometsera. NyaLongwe sanachire. Dzanja lamanja likadali lakufa, ndipo madokotala sakulonjeza kanthu. Injini ya minibasi ndi yogwiritsidwa kale ntchito, imafuka utsi m'mawa, ndipo a Mphande akuti ndisaidalire zaka zambiri. Munda wa nthochi ndimaudutsa wina akukolola. Tsiku lina phiri ili lidzatigonjetsa, ndipo alamu adzabweranso. Zimenezi ndikuzidziwa. Koma mvula ya chaka chino yatha NyaLongwe ali m'nyumba mwawo, ndipo tsiku la kuchipatala sanaphonyepo.

Ndikuthokoza Mulungu, amene anamva pemphero losapempha kanthu, natumiza yankho lake ndi munthu wobwera kudzandizenga mlandu. Ndikuthokoza a Ngwira, amene ndinawaitana kuti adzamve kalatayi ikuwerengedwa, koma anati nsomba sizidziwa Lamulungu. Ndikupempha mpingo kuti uziwakumbukira m'mapemphero ngakhale atero. Ndikuthokoza a Mphande, a Kamanga, abambo onyamula mpando, ndi alamu anga a Longwe, amene sanandilakwire m'kanthu.

Kwa m'bale kapena mlongo amene lero wafika pamene ine ndinafika, pouza wogula kuti abwere adzatenge zonse, sindikuuzani kuti musalire, ndipo sindikudziwa tsiku limene thandizo lanu lidzakwere phiri. Ndingokupemphani kuti ngakhale pemphero litachepa chotani, musalisiye, ndiponso kuti munthu akafika pakhomo panu mokalipa, mumupatse mpando ndi kumumvetsera mpaka amalize.

Ndidzakhala wokondwa ngati kalatayi idzalandiridwa ndi kuwerengedwa monga ndapemphera pamwambapa.

Ine wanu mwa Ambuye,

G. Y. Thole
Gladwell Yesaya Thole

Yalembedwa pa Nkhata Bay, tsiku la khumi ndi chisanu ndi chiwiri la mwezi wa Meyi.